Mafunso ndi mayankho: intavyu ya ntchito ku Google, Amazon, Microsoft ndi Meta kwa amene muli ku Lilongwe

Mafunso awa ndi amene achinyamata olemba mapulogalamu a pakompyuta mumzinda muno amafunsa kawirikawiri, makamaka akamva kuti mnzawo waitanidwa ndi kampani yaikulu ya tekinoloje. Mayankho ake akukhudza kwambiri ntchito ya software engineer, injiniya wolemba mapulogalamu, popeza ndi imene ambiri amaifuna.

Kodi munthu wokhala ku Area 25 kapena ku Kawale angaitanidwedi ndi makampani amenewa?

Inde. Ntchitozo sizili ku Malawi kuno, koma zinafika pafupi. Amazon ili ndi mainjiniya ku Cape Town kuyambira 2004, ndipo EC2, imene makampani ambiri padziko amabwerekapo makompyuta, inayambira kumeneko. Microsoft inatsegula Africa Development Centre ku Nairobi ndi ku Lagos mu 2019, ngakhale ya ku Lagos inatsekedwa mu 2024. Google inatsegula malo ofufuzira za AI ku Accra mu 2019, ndipo mu 2022 inalengeza za malo ena ku Nairobi. Kupatula apo pali maofesi a ku Dublin, London, Warsaw ndi Zurich amene amalemba anthu ochokera kunja.

Chibwerere Covid-19, mbali zambiri za intavyu zimachitika pavidiyo. Mutha kuchita zonse muli m'chipinda chanu. Ena ayambanso kuitanira munthu ku ofesi pagawo lomaliza, ndipo akatero ulendo amalipira ndi iwowo.

Ndilibe digiri ya computer science. Ndisavutike n'komwe?

Vutikani ndithu. Zotsatsa zambiri za ntchitozi zimati digiri kapena luso lofanana nayo. Digiri ya ku MUBAS, UNIMA, MUST kapena Mzuni imathandiza kuti CV isatayidwe msanga, koma mukalowa m'chipinda cha intavyu palibe amene adzakufunseni za giredi. Adzakupatsani funso n'kuona mmene mukulisendera.

CV yanga ikhale yotani kuti aiwerenge?

Tsamba limodzi, likachulukitsa awiri. Chotsani chithunzi, tsiku lobadwa, mudzi, T/A, boma, mpingo ndiponso zoti muli pabanja kapena ayi. Tinazolowera kulemba zimenezi, koma kumeneko sazifuna, ndipo malamulo a mayiko ena sawalola kusankha munthu poyang'ana zoterezi. Maina a abusa ndi aphunzitsi oti akuchitireni umboni nawonso adikire, adzakufunsani okha akawafuna.

Malo amene atsalawo lembanipo zimene munapanga ndi zimene zinasintha chifukwa cha inu. "Ndinali mu dipatimenti ya IT" sizinena kanthu. Nenani kuti munalemba pulogalamu yotani, m'chilankhulo chanji, anthu angati amaigwiritsa ntchito, ndipo inachepetsa vuto lanji. Ntchito imene munagwira ku banki, ku bungwe la zaumoyo kapena ku kampani ya mafoni kuno kwathu ndi ntchito yeniyeni. Musaichitire manyazi.

Njira yachidule kuposa zonse ndi kupeza munthu wogwira kale ntchito kumeneko kuti apereke dzina lanu, zimene amazitcha referral. Si katangale ayi, makampaniwo ndi amene anakhazikitsa njirayo. Pa LinkedIn pali Amalawi ndi anthu ena a muno mu Africa amene ali m'makampaniwa. Alembereni mwachidule, muwatumizire ntchito imene mukuifunayo ndi CV, osangoti "muli bwanji achimwene" n'kumadikira ayankhe kaye.

Ndondomeko yonse imayenda bwanji?

Imasiyana pang'ono kampani ndi kampani, koma msana wake ndi umodzi. Poyamba recruiter, munthu wa kampaniyo wofufuza anthu oti alembedwe ntchito, amakuimbirani kwa mphindi pafupifupi 30 kuti amve mbiri yanu. Ena, monga Amazon, amatumiza kaye mayeso a pa intaneti okhala ndi nthawi yoikika. Mukadutsa pamenepo mumakumana ndi injiniya mmodzi pavidiyo kwa mphindi 45 kapena ola, n'kulemba code, malangizo amene kompyuta imatsatira, iye akuona. Kenako pamabwera gawo lalikulu: maintavyu anayi kapena asanu, aliyense ndi munthu wake, tsiku limodzi kapena masiku awiri. Ena amakhala a code, ena a kapangidwe ka system, ena a khalidwe lanu pantchito.

Kuchokera pafoni yoyamba kufika pa yankho pamatha milungu ingapo, nthawi zina miyezi. Recruiter si mdani wanu. Ntchito yake imaoneka bwino inu mukalembedwa, choncho mufunseni mosaopa kuti gawo lililonse lidzakhala lotani.

Mu intavyu ya code mumachitika chiyani kwenikweni?

Tiyeni titenge funso lodziwika, losavuta kuposa amene mudzakumane nawo. Wofunsa akuti: "Pali mndandanda wa manambala. Pezani awiri amene mukawaphatikiza akukwana 50."

Munthu wosazolowera amakhala duu, maso pa sikirini, mphindi khumi n'kutha, kenako n'kuyamba kutaipa. Ngakhale code yake italondola, wataya zambiri. Wofunsa uja akatuluka amakalemba lipoti la zimene waona ndi kumva, ndipo zimene zinali m'mutu mwanu sangazilembe.

Wozolowera amayamba ndi mafunso. Kodi manambalawa ndi osanjidwa kale? Mungakhale manambala ochepera ziro? Ngati palibe awiri okwana 50 ndibweze chiyani? Kodi 25 mmodzi ndingamugwiritse ntchito kawiri? Akamva mayankho amanena njira yoyamba kubwera m'mutu: kutenga nambala iliyonse n'kuiyesa ndi ina iliyonse. Amanenanso yekha vuto lake: manambala akakhala 1,000 ndiye kuti kuyesa pafupifupi ka 500,000, ndipo akafika miliyoni kompyuta ichita thukuta. Imeneyo amaitcha O(n²): manambala akawirikiza kawiri, ntchito imawirikiza kanayi. Ndiye amati, "Bwanji ndizisunga manambala amene ndawadutsa mu hash map? Ndikafika pa 18 ndingoyang'ana ngati 32 ndamuona kale." Hash map ndi mosungira mmene chinthu chimapezeka msanga osayang'ana chimodzichimodzi. Apa mndandanda audutsa kamodzi kokha, O(n), koma walipira ndi memory, malo osungira a m'kompyuta, ndipo zimenezo amazinenanso. Wofunsa akavomera m'pamene amayamba kulemba. Akamaliza sanena kuti "ndatha". Amatenga manambala anayi kapena asanu n'kuyendetsa code yake mzere ndi mzere mokweza mawu, n'kuyesanso mndandanda wopanda kanthu.

Onani kuti kulemba kwenikweniko ndi gawo laling'ono. Kawirikawiri mumalemba pamalo opanda zokuthandizani kumalizitsa mawu, ndipo nthawi zina code yanuyo simuiyendetsa n'komwe. Chilankhulo mumasankha nokha. Python, Java ndi C++ ndi zimene ambiri amatenga. Tengani chimene mumachidziwa bwino, osati chimene mukuganiza kuti chiwasangalatsa.

Nanga ndikakakamira osadziwa kolowera?

Nenani. "Ndikuganiza zosanja kaye manambalawa, koma ndikuona kuti ndisokoneza malo awo oyamba." Mawu ngati amenewa amapatsa wofunsa pogwira kuti akuthandizeni, ndipo ambiri amathandizadi. Akakuponyerani kamfundo, katoleni. Chimene chimagwetsa anthu si kuthandizidwa, koma kuumirira njira imene mwauzidwa kale kuti siikupita kulikonse.

Apa m'pamene kaleredwe kathu kamatipinga. Tinakula tikudziwa kuti wamkulu akamalankhula sumudula, ukalakwa umayang'ana pansi, ndipo kufunsafunsa pa intavyu ndi chizindikiro choti sunakonzeke. M'chipinda chimenechi zinthu n'zotembenuka. Mafunso ambiri amawasiya dala osamveka bwino kuti aone ngati mufunse. Safunsa anadya phula. Wofunsayo mumutchula dzina lake loyamba, ndipo akanena chinthu chimene mukuona kuti sichili bwino mukhoza kumutsutsa mwaulemu, ndi zifukwa. Ulemu sautaya, koma ulemu wokhala chete sulembedwa mu lipoti.

Ndinamva kuti amafunsa kuti mipira ingati ingakwane mu basi. N'zoona?

Zinalipo kale. Mu 2013 Laszlo Bock, amene ankayang'anira zolemba anthu ntchito ku Google, ananena poyera kuti mafunso otere ankangotaya nthawi ndipo sankasonyeza amene adzagwire bwino ntchito. Musatayirepo nthawi.

System design n'chiyani, ndipo amafunsa aliyense?

Ongoyamba kumene kawirikawiri safunsidwa. Amene mwagwirapo ntchito zaka zingapo konzekerani, chifukwa gawo limeneli ndi limene limanena kwambiri mlingo wa udindo umene akuikeni. Amakupatsani chinthu chachikulu, monga "pangani pulogalamu yotumizirana mauthenga", n'kukusiyani mujambule mmene zigawo zake zingalumikizirane.

Kuno tili ndi poyesera pabwino. Ganizirani kuti akuuzani mupange njira yotumizira ndalama pafoni, yonga Mpamba kapena Airtel Money. Munthu ali mu minibasi pa depoti akutumiza K5,000 kwa agogo ake ku Dedza. Wadina, netiweki yaduka, uthenga wotsimikiza sunabwere, wadinanso. Kodi system yanu itumiza kawiri? Mungaike chizindikiro chanji pa pempho lililonse kuti lachiwirilo lidziwike kuti ndi lomwe lija? Ndalama zikachoka uku koma osafika uko, ndani azibweze, ndipo liti? Pakutha kwa mwezi anthu onse akamatumiza nthawi imodzi, chiyambe kulemedwa n'chiyani, database yosungira zonse kapena mzere wa mauthenga? Nanga amene ali ndi foni yamabatani, wongodalira USSD, njira ija yodina manambala oyamba ndi *?

Yankho limodzi lolondola palibe. Akufuna kumva mukuyeza zinthu: apa ndasankha liwiro, apa ndasankha kuti ndalama zisasochere ngakhale zichedwe, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Monga tanenera pa funso la code, yambani ndi kufunsa kuchuluka kwa anthu ndi zimene system iyenera kuchita musanajambule bokosi lililonse.

Mafunso a khalidwe ndi aja oti "tiuzeni za inu"?

Amapitirira pamenepo. Amati: tiuzeni nthawi imene munasemphana maganizo ndi bwana wanu, nthawi imene ntchito yanu inalephera, nthawi imene munasankha chochita musanadziwe zonse. Amazon ndiyo imalimbikira kwambiri. Ili ndi mfundo 16 zotchedwa Leadership Principles, zimene zili poyera pa intaneti, ndipo pafupifupi wofunsa aliyense amapatsidwa zingapo zoti akuyeseni nazo. Ziwerengeni, ndipo konzani nkhani zenizeni zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu zochokera pantchito kapena kusukulu.

Kafotokozedwe kake amakatcha STAR: zinthu zinali bwanji, ntchito yanu inali yotani, munachita chiyani, zotsatira zake zinali zotani. Nthawi yambiri ithere pa zimene munachita.

Apa palinso msampha wathu wina. Mmalawi wolongosoka sanena kuti "ine ndinachita". Amati "tinachita", kuopa kuoneka wodzitama. Ndiye mudzamva wofunsa akubwereza: "Chabwino, koma inuyo munachita chiyani?" Akafunsa kachitatu osamva yankho, amalemba kuti sizikudziwika ngati munthuyu anachitapo kanthu. Yerekezani mayankho awiri awa. Loyamba: "Tinakonza vuto la malipoti ochedwa." Lachiwiri: "Malipoti ankatenga usiku wonse. Ndinafufuza n'kupeza kuti tebulo lina la mu database linalibe index yothandiza kupeza zinthu msanga. Mkulu wanga ankafuna tigule seva yatsopano, ine ndinapempha tsiku limodzi kuti ndiyese kaye njira yanga, ndipo malipoti anayamba kutuluka tisanaweruke." Anzanu atchuleni pamene anathandiza, koma gawo lanu linenedwe ndi dzina lanu.

Musapeke nkhani. Amafunsa mozama, kuti ndani ananena chiyani ndipo munayeza bwanji, ndipo nkhani yopeka imatha mafuta pa funso lachitatu.

Chingerezi changa ndi cha ku Malawi. Sizindigwetsa?

Ayi. Amene adzakufunseni mwina ndi wochokera ku India, China, Poland kapena Nigeria, aliyense ndi kalankhulidwe kake. Lankhulani pang'onopang'ono, ndipo ngati simunamve pemphani abwereze kapena alembe funsolo. Chofunika kuyeserera si katchulidwe, koma kuganiza ndi kulankhula Chingerezi nthawi imodzi manja ali pa kiyibodi. Zimenezo sizibwera zokha.

Magetsi akathima kapena intaneti ikaduka pakati pa intavyu?

Konzekerani ngati kuti zichitika. Laputopu ikhale yodzaza, foni ikhale ndi bandulo yokwanira yoti mulumikizeko laputopu, ndipo ngati n'kotheka mukhale ndi mizere yonse iwiri, wa TNM ndi wa Airtel, kuti wina ukafooka mulumphire pa unzake. Amene ali ndi inveta kapena sola ali pabwino. Ena amapempha chipinda ku ofesi ya mnzawo ku City Centre, kumalo ngati mHub, kapena kwa amene ali ndi Starlink, imene inayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023. Kulikonse kumene mwasankha, kayeseniko vidiyo dzulo lake pa ola lomwelo. Intavyu ikakhala yamadzulo ganiziraninso za nyali, kuti nkhope yanu izioneka, ndi za mvula pa malata ngati ndi dzinja. Mahedifoni okhala ndi maikolofoni amathandiza kwambiri.

Muuzeni recruiter pasadakhale kuti kwanu magetsi amavuta, ndipo mupatseni nambala ya foni. Zikaduka, bwererani msanga, pepesani kamodzi, pitirizani. Zikakanika amasintha tsiku.

Samalaninso ndi nthawi. Cape Town ndi Johannesburg tili nawo pa ola limodzi. Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi. London ndi Dublin ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, ndipo California ndi Seattle ali m'mbuyo ndi maola 9 kapena 10. Akati 10 koloko m'mawa ku California, kuno ndi 7 kapena 8 koloko usiku. Muli ndi ufulu wopempha ola limene mutu wanu umagwira bwino.

Ndikonzekere bwanji, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji?

Amene muli pantchito dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu, ola limodzi kapena awiri patsiku. Bwererani ku maziko: array, hash map, linked list, stack, queue, tree, graph, recursion, binary search, kusanja, ndi dynamic programming pang'ono. Masamba a pa intaneti a LeetCode ndi HackerRank ali ndi mafunso ambiri aulere, ndipo sadya bandulo ngati mavidiyo. Musathamangire kuchuluka. Funso limodzi limene mwalimvetsa mpaka kutha kulifotokozera mnzanu limaposa khumi amene mwangoonera mayankho ake.

Chimene ambiri amachidumpha ndi kuyeserera ndi munthu. Pezani mnzanu Loweruka, mmodzi akhale wofunsa, muike wotchi ya mphindi 45, mulankhule Chingerezi chokhachokha, kenako musinthane. Ulendo woyamba mudzadzimva ngati wopusa polankhula nokha uku mukulemba. Kuli bwino manyaziwo athere pamaso pa mnzanu. Ngati recruiter wakupatsani tsiku lapafupi kwambiri, pemphani milungu ina. Sizichotsa mwayi.

Ndingatsegule ChatGPT pambali?

Pokonzekera, inde, ndi mphunzitsi wabwino. Pa intavyu penipeni, pokhapokha atakuuzani okha kuti n'zololedwa. Akapanda kunena, musayerekeze. Maso oyendayenda ndi yankho lobwera lathunthu popanda kulingalira zimaoneka, ndipo akangokufunsani chifukwa chimene mwalembera mzere wachitatu mwagwidwa.

Ndani amagamula kuti ndalembedwa?

Si munthu mmodzi. Wofunsa aliyense amalemba lipoti lake. Ku Google malipotiwo amapita ku komiti ya anthu amene sanakuoneni n'komwe, ndipo mumafunikanso kupeza timu yokulandirani, zimene zimatha kuchedwetsa zinthu. Ku Amazon pagulu la ofunsa pamakhala mmodzi wochokera ku timu ina, wotchedwa Bar Raiser, amene mawu ake amalemera kwambiri pa chigamulo. N'chifukwa chake kumwetulira kwa wofunsa sikutanthauza kuti mwapambana, ndipo intavyu imodzi yovuta siitanthauza kuti zatha. Lowani yotsatirayo ngati palibe chachitika.

Akandifunsa malipiro amene ndikufuna ndinene chiyani?

Musayambe ndi zimene mukulandira panopa. Malipiro a kuno mukawasintha kukhala madola amaoneka ochepa kwambiri, makamaka chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nambala imeneyo ikhoza kukhala poyambira pawo. Afunseni iwo kuti mlingo umenewu, mumzinda umenewo, amalipira pakati pa zingati ndi zingati. Masamba a pa intaneti a Levels.fyi ndi Glassdoor amapereka chithunzi cha malipirowo.

Malipiro amakhala patatu: apamwezi, bonasi, ndi masheya a kampani amene amaperekedwa pang'onopang'ono, kawirikawiri pa zaka zinayi. Ku Amazon masheyawo amabwera mochedwa: 5 peresenti chaka choyamba, 15 chachiwiri, kenako 40 ndi 40. Funsaninso mlingo umene akuikani, chifukwa ndi umene umalamulira zonse. Woyamba kumene ku Google ndi L3, ku Meta ndi E3, ku Amazon ndi L4. Musanasangalale ndi nambala, chotsani msonkho ndi lendi ya ku Dublin kapena ku London, ndipo muwerengere abale amene adzayamba kukuimbirani. Kupempha kuti awonjezere n'kololedwa, ndipo sabweza ntchito chifukwa choti mwapempha mwaulemu.

Akandikana ndiye kuti basi?

Ayi. Kawirikawiri amakuuzani kuti mudikire miyezi 6 mpaka 12 musanayesenso, ndipo ambiri amene ali m'makampaniwa analowa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Chifukwa chokukanirani nthawi zambiri sanena. Choncho mukangotuluka mu intavyu iliyonse lembani mafunso amene anakufunsani ndi pamene munakakamira. Zolembazo zikhale zanu zokha, popeza ambiri amakusainitsani kuti simudzaulula mafunso awo.

Ndalandira uthenga wa WhatsApp woti Amazon ikundifuna koma ndilipire kaye ya fomu. Ndilipire?

Ndi akuba. Makampaniwa salipiritsa fomu, maphunziro, laputopu kapena viza. Recruiter weniweni amalemba kuchokera pa imelo ya kampaniyo, ndipo ntchitoyo imapezeka pa tsamba lawo la ntchito. Ntchito imene mwaipeza popanda magawo amene tafotokoza pa funso la ndondomeko, kulibe.

Ndikapambana, za viza zimayenda bwanji?

Kampani ndi imene imayendetsa, kudzera mwa maloya ake, ndipo ambiri amalipira ulendo ndi malo okhala a masiku oyamba. Koma funsani pafoni yoyamba ija ngati ntchitoyo amathandiza nayo viza, chifukwa si zonse. Ku America n'kovuta: viza ya H-1B ili ndi malire a 85,000 pachaka ndipo ofuna amachuluka kuposa pamenepo, choncho ambiri amayambira ku Ireland, kumene kuli chilolezo chogwirira ntchito chotchedwa Critical Skills Employment Permit, ku Britain, ku South Africa kapena ku Kenya, n'kudzasamuka ali kale m'kampanimo.

Mbali yanu ndi mapepala. Pasipoti ikhale ndi nthawi yokwanira, ndipo ngati ikutha yambani kuikonza musanayambe n'komwe maintavyu. Satifiketi ya digiri, transcript, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi mtchatho ngati mukupita ndi banja, zonsezi zisonkhanitseni msanga, chifukwa akakupatsani ntchito amafuna mapepalawo m'masiku ochepa.